Ndikujambulira Bambo a Tadala Kanema wa Makhadi

Lolemba

Dongosolo langa ndi ili, ndipo ndi labwino kwambiri.

Kumapeto kwa mwezi uno ndikupita ku chidikiro ku Dowa Boma. Anamwino anenetsa: poti Tadala anabadwa ndi opaleshoni, wachiwiriyu ndisamudikirire kuno kumapiri kumene galimoto imabwera ikafuna. Chabwino. Nanga shopu? Ino ndiye nyengo ya maukwati. Fodya wagulitsidwa, soya wagulitsidwa, aliyense akufuna makhadi. Ndikangotseka, makasitomala anga onse awolokera tsidya la msewu kwa uja wangogula pulinta yatsopano, ndipo pobwera ndi mwana kumsana ndidzapeza ndikugulitsa maenivelopu okhaokha.

Ndiye shopu isatsekedwe. Otsalapo ndi bambo a Tadala.

Bambo a Tadala ndi kalipentala. Chitseko akupangira chokongola, koma mausi amaigwira ngati akupala thabwa. Ndayesa kuwaphunzitsa pakamwa. Amangoti, "Eya, eya, ndamva," kenako n'kufunsa kuti poyatsira ndi pati.

Nzeru ndi iyi: ndijambule kanema wa zonse zimene ndimachita pa sikirini popanga khadi la ukwati, mawu anga akufotokoza. Ine kuchipatala, iwo kumaonera ndi kumatsatira. Akaiwala, abwereze. Kanema satopa, sapsa mtima, satupa miyendo.

Mapulogalamu ojambulira sikirini alipo ambirimbiri. Ndatsitsa angapo, bandulo yathera pomwepo. Zimene ndikufuna si zambiri:

- ijambule moti kamuvi kazioneka
- imve mawu anga
- ikhale yaulere
- isandifunse mafunso

Masana. Ndayesa yoyamba. Ikujambula ndithu, mawu akumveka. Koma yadinda dzina lake chidindo chachikulu pakatikati pa sikirini, pamene pomwe pamalembedwa dzina la mkwati ndi mkwatibwi! Ikuti ndikafuna kuti chichoke ndilowetse nambala ya khadi la ku banki. Ine khadi limene ndili nalo ndi la kusikelo.

Yoyamba: yalephera. Zilibe kanthu, mawa ndi tsiku.

Lachiwiri

Yachiwiri ndi yaukhondo. Chidindo palibe, mabatani ndi awiri okha, woyambira ndi wosiyira. Vuto lake limodzi: yaulereyi imadula yokha pakapita mphindi zochepa. Ndati palibe vuto, khadi ndimalipanga mofulumira.

Ndadina. Ndakonza pakhosi. "Bambo a Tadala, poyamba tsegulani..."

"Odi!"

A Nachisale, mayi wamasiye wa mandasi, beseni pamutu. Munthu wamkulu waodira, ungamusiye? Ndayankha. Ndadzuka bwanji, Tadala wadzuka bwanji, abambo akunyumba, amayi ku Mvera, miyendoyo ikutani lero. Nane ndafunsa zawo, apo ayi ndioneka wamwano. Pomaliza malonje, pulogalamu yadula kalekale.

Ndayambanso.

"Odi kuno!"

A Chimphepo, mkulu wa mpingo, jekete lawo lomwe lija. Chimwalirireni akazi awo, bambo amenewa amayendera shopu yanga tsiku lililonse, sajambulitsa ngakhale pepala limodzi. Akuti angodutsa kudzalonjera. Akhala pa benchi pafupi ndi beseni la mandasi, agula awiri, akuwayang'ana m'manja.

Makanema amene ndili nawo pofika madzulo ano:

- wa malonje a a Nachisale
- wa malonje a a Chimphepo
- wa awiriwa akukambirana za mtengo wa mafuta ophikira, kamuvi kanga kali chiimire ngati kakumvetsera
- wa ine ndikuti "poyamba tsegulani," basi

Ndayesa kutseka chitseko. Kulakwa kwakukulu! Kuno chitseko cha shopu chikatsekedwa dzuwa likuswa mtengo ndiye kuti kwagwa zovuta. Anthu abwera kudzagogoda monong'ona, "Kwagwanji?" Mayi wina wathamangira kokaitana bambo a Tadala, abwera utuchi uli m'mutu monse, maso ali tuzu, akuganiza kuti nthawi yakwana.

Ndayesanso kukhala chete munthu akuodira. Ndinangopirira kamodzi. A Nachisale asuzumira n'kunena kuti, "Musadandaule mwanawe, pakati pamachititsa zimenezo. Ine pa mwana wachitatu ndinkada aliyense."

Sindikuda aliyense. Ndikufuna kujambula kanema!

Lachitatu

Lero ndayesa zitatu, zonse zandikwana.

Yachitatu imaika nkhope ya wolankhula pakona, m'kabwalo kakang'ono. Sinandifunse n'komwe. Ndangoona chimphuno chadzaza kabwalo konse, ndipo zanditengera kanthawi kuzindikira kuti ndi changa. Kodi anthu onsewa akhala akundiona chonchi osandiuza? Pochotsera nkhopeyo sindikupapeza. Laputopu nayo yatentha ngati mbaula, ikulira fyuu. Ndapirira, ndafika mpaka posankha maluwa a m'mbali mwa khadi. Magetsi thii! Batire la laputopu yanga linafa chaka chatha. Zonse zapita.

Yachinayi ili ndi makutu akuthwa koopsa. Yamva chigayo. Yamva mbuzi ya kuseri. Yamva wailesi ya wometa tsitsi, yamva njinga yamoto ikukwera chitunda cha ku Nachisaka. Ine amene ndili pamphuno pake ndikumveka ngati ndikulankhulira m'chitsime.

Yachisanu ndi ya anthu a maofesi. Ikufuna dzina la kampani, chiwerengero cha antchito, ndi udindo wanga. Ndalemba kuti antchito ndi mmodzi ndi theka. Kanema siisunga mu kompyuta, imamutumiza pa intaneti kuti anzako a kuntchito amuonere kumeneko. Netiweki yotha kunyamula kanema kuno imapezeka pachulu cha kuseri kwa shopu. Ndiye ine, mimba kutsogolo, laputopu m'mwamba, chingwe cha magetsi chotulukira pawindo, mphepo ya Ogasiti ikundithira fumbi m'maso, kagudumu pa sikirini kakungozungulira. Uja wa tsidya la msewu waima pakhomo pake, manja m'thumba, akumwetulira. Wandipatsa moni mwaulemu kwambiri. Ndayankha, nanga n'kutani.

Madzulo. Ndaganiza zoyesa wophunzira wanga ndi makanema a dzulo, kuti azolowere. Ndawakhazika pampando, ndayatsa.

Mu kanema a Nachisale akuti, "Odi!" Bambo a Tadala: "Eee, lowani!" Anyamuka kukatsegula chitseko. Abwera: "Palibe munthu."

Ndafotokoza. Aseka, akhalanso. A Chimphepo mu kanema afunsa za kunyumba, iwo ayankha motsitsa mawu, "Tili bwino, kaya inu abambo." Akuti akudziwa kuti ndi kanema, koma pakamwa pakungoyankha pokha.

Kenako nkhondo ya kamuvi. Kamuvi ka mu kanema kakupita kumanja, iwo akukoka mausi kumanzere kuti akabweze. "Kakukana! Kali ndi mwini wake aka."

Ndawaonetsa batani loimitsira, kuti ndikafulumira aziimitsa n'kuchita zimene ndanenazo. Akana. "Inu mukulankhula, ine ndikuduleni pakamwa? Sindinaleredwe choncho." Munthu yemweyu kunyumba amandidula pakamwa tsiku lililonse!

Ndawapatsa lamulo limodzi, ndalibwereza mpaka aloweza: chitani ndendende zimene mukuona. Osaganiza. Osawonjezera. Osachotsera. Ati, "Ndendende. Zimenezo ndiye zosavuta, n'chimodzimodzi kutsata muyezo."

Msana ukuwawa. Mwana akumenya mateche ngati nayenso ali ndi maganizo ake pa nkhaniyi.

Lachinayi

Ndabwerera kwa yachiwiri, yodula ija. Mwa zoipa zonse, ndiyo yofatsa.

Lero sindidikiranso bata, silibwera. A Nachisale afika, ndalonjera mokwanira. A Chimphepo afika, zodabwitsa bwanji, nthawi yomweyo. Ndalonjera. Akhala pa benchi, wina uku wina uku, beseni pakati. Nkhani ya lero ndi chifuwa cha nkhuku. Ndadina batani iwo ali pomwepo.

Zikuyenda! "Tsegulani apa. Sankhani la maluwa ofiira. Apa lembani dzina la mkwati."

Dzina lachitsanzo likufunika, mutu waima. Kumbuyo kwanga a Chimphepo akuti, "Adyo, mayi, adyo m'madzi akumwa, nkhuku imadzuka." Mtima wandipsa. Anthu awiriwa andiwonongera sabata yonse. Zala zalemba zokha: mkwati, a Chimphepo. Mkwatibwi, a Nachisale. Tsiku, Loweruka lomaliza la Okutobala. Malo, tchalitchi chathu chomwechi. Ndawonjezera nkhunda ziwiri pamwamba. Ndatsala pang'ono kuphulika ndi phwete, koma mawu ndawagwira ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

Mayinawo sindinawatchule mokweza, eni ake ali pamsana panga. Ndapitiriza: dinani apa kuti zituluke pa pulinta, dulani motsata mzere, ikani m'maenivelopu, matani kuti fumbi lisalowe, perekani kwa kasitomala ndi manja awiri.

Mwamwayi anyamuka onse, a Chimphepo akuti nawonso akulowera komweko. Atangotuluka ndanena momveka bwino kuti mayinawa ndi achitsanzo chabe, muzilemba amene kasitomala wabweretsa. Ndadina losiyira.

Kanema wathunthu! Ndaonera chiyambi chake, ndi wokongola. Kumapeto sindinafike, chiuno chikuchita ngati chithyoka, komanso ndikudziwa zimene ndinanena.

Khadi lachitsanzo ndaling'amba tizidutswa ting'onoting'ono, ndataya m'chimbudzi. Munthu uyenera kusamala.

Lachisanu

Sikelo ku Boma. Shopu ndasiyira bambo a Tadala, angoyang'anira, asakhudze kanthu.

Msewu wandigwedeza mpaka mwana wakhala chete, mwina wakwiya. Mzere wautali. Anamwino adina mwendo wanga ndi chala, dzenje latsala pomwepo. Ayeza magazi kuthamanga, apukusa mutu. "Amayi, za kumapeto kwa mwezi ziiwaleni. Lolemba mubwere ndi katundu wanu." Ndati ndili ndi shopu. Ati, "Shopuyo ibereka ndiyo?"

Lolemba! Ndipo ndili ndi kanema mmodzi yekha. Za mapologalamu a maliro, makalata a ntchito, zochotsa pepala likakodwa mu pulinta, zonsezo sindinajambule. Njira yonse yobwerera ndakhala ndikuona makasitomala anga akuwoloka msewu mmodzimmodzi.

Ndafika, ndapeza bambo a Tadala akhala pampando wanga, mwendo pamwamba pa unzake, akumwetulira ngati apha nyama. Akuti kunabwera a Mbewe, nkhoswe ya ukwati wa mdzukulu wawo wa ku Nachisaka. Ukwati waukulu, makhadi ambiri, ndipo amawafuna lero lomwe kuti mawa pamsika awagawe. Atamva kuti kulibe ine anayamba kuyang'ana tsidya la msewu.

"Ndiye ndinati, khalani pansi a Mbewe, pano pali anthu."

Apanga okha! Aonera kanema, abwereza, abwerezanso, atsatira. Asindikiza, adula, ndipo kudula ndiye ntchito yawo. Aika m'maenivelopu, amata onse, apereka ndi manja awiri. A Mbewe anyamula akuthokoza.

Misozi yalengeza. Ndakhala ndikumunyoza mwamuna ameneyu mumtima sabata yonse, kumuyesa wosamva. Ndawaphikira tiyi wa mkaka.

Chigamulo changa: pulogalamu yachiwiri ndiyo yabwino koposa, kaya pa zapakhomo kaya pa bizinesi. Ndiiuza aliyense. Mawa ndijambula makanema otsalawo. Mtima uli m'malo.

Loweruka

Mayo ine!

Tsiku la msika. M'mawa ndikumva nthungululu cha kumene a Nachisale amakhala ndi beseni lawo. Ndati kaya wina wabereka. Kenako foni: mlamu wanga akuti, "Inu ndiye mumasunga chinsinsi! Zinayamba liti?" Sindikumva. Wina wadutsa pakhomo akuimba nyimbo ya ukwati, wandiloza ndi envelopu.

Kenako a Mbewe. Sanaodire. Munthu wamkulu kulowa osaodira, ndadziwiratu kuti zaipa. Aponya khadi patebulo. Maluwa ofiira. Nkhunda ziwiri.

"Mdzukulu wanga ali pati pamenepa? Ndagawa msika wonse! Abusa alandira! Akuchimuna alandira!"

Ndatembenukira kwa bambo a Tadala. Iwo nkhope ili gwa, ngati munthu wosalakwa.

"Munati ndendende. Munati osaganiza."

Ndafunsa za mayina amene a Mbewe anabweretsa. Apisa m'thumba la malaya, atulutsa kapepala kopinda bwinobwino. "Ndakasunga. Mu kanema simunanene pokalowetsa." Akuti anadabwa ndithu poona mayinawo, koma anati mayi a Tadala amadziwa zimene akuchita, mwina a Mbewe ndi nkhoswe ya maukwati awiri.

Ndatsegula kanema, ndathamangitsa mpaka kumapeto. Mawu anga akuti, "Tsopano bambo a Tadala, mvetserani bwino, chofunika kwambiri ndi ichi." Zii. Padulidwa pomwepo. Pabwera uthenga wa maluwamaluwa wofunsa ngati ndasangalala, ndi kuti ndikagula yathunthu ndizijambula mopanda malire.

Ndasangalala kwambiri, zikomo!

Ndapepesa, ndagwada ndi mimba yonseyi, ndati ndikonza pompano mwaulere. A Mbewe alanda kapepala kawo. "Ayi mayi, mungandikwatitsenso ine." Awoloka msewu ine ndikuona. Uja wawalandira ndi mpando.

Zotsatira pofika madzulo:

- banja la ku Mvera limene linalonjeza kubwera sabata yamawa latumiza uthenga kuti "aganizanso"
- a komiti ya sukulu adutsa ndi mapepala awo, andipatsa moni, awoloka
- wometa tsitsi wafunsa ngati ndingamupangire khadi, mkazi ndimusankhire ndine
- makanema otsala: sindinajambule ngakhale mmodzi

Ndapita kwa a Nachisale kukapepesa. Chitseko chotseka, beseni lili pakhonde lopanda kanthu. Mwana wa mnansi akuti mandasi anatha m'mawa womwe, aliyense amafuna kugula kwa mkwatibwi. Ndaodira, sanayankhe. Mayi amene sanasiyepo odi wa munthu ali panja! Ndawachititsa manyazi anthu awiri akuluakulu chifukwa cha chifuwa cha nkhuku.

Bambo a Tadala akhala pakhonde. Angonena kamodzi, "Koma kudulako kunali kowongoka."

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Miyendo yatupa, ndipo nkhope ndilibe. Bambo a Tadala apita, akuti pa zolengeza sanatchule kanthu, koma a Chimphepo poyenda ndi mbale ya chopereka azimayi amatsokomola motsatizana.

Ndikulongedza. Beseni, zitenje, pepala lakuda la pulasitiki, lezala, ulusi, kapu, poto wamng'ono. Tadala apita kwa amayi ku Mvera. Shopu ndaganiza zongoitseka. Mapulogalamu onse ndafufuta, kanema yekha ndamusiya, ndidzamuonetse mwanayu akadzakula kuti adziwe chimene chinadya chuma cha makolo ake.

Masana. "Odi!"

A Chimphepo. Jekete, chipewa m'manja. Patali, pansi pa mtengo wa mango, a Nachisale aima, akuyang'anitsitsa masamba ngati sanaonepo mango. Ndati basi, mlandu wafika.

Malonje onse, osadumpha ngakhale amodzi. Ndayamba kupepesa, akweza dzanja. Atulutsa khadi m'thumba la jekete, aliwongola pabondo.

"Tsikuli munasankha ndinu?"

Ndavomera, mutu pansi.

"Silili loipa. Mvula imakhala isanayambe."

Akuzunguza chipewa.

"Ine mayi, mandasi sindiwakonda n'komwe. Amandipatsa chilungulira. Chaka chonse ndakhala ndikusowa poyambira." Akuti dzulo madzulo anatuma akuluakulu kukapepesa kwa abale a a Nachisale, ndipo kupepesako kunasanduka kufunsira ukwati. Lero ndi Sabata, sangakambe za malonda, angobwera kudzalonjera. Koma achibale a ku Ntchisi sanalandire, a ku Mvera sanalandire, a kwa malemu akazi awonso ayenera kulandira mwaulemu. Mawa abwera kudzasindikizitsa makhadi ena. Pasasinthidwe kanthu, nkhunda zikhale momwemo.

Ndati mawa ine kulibe, ndikupita ku Boma.

Kumbuyo kwanga bambo a Tadala akonza pakhosi. "Limenelo ndiye ndimalitha."

Amalitha ndithu. Ndi lokhalo.

Ndiye makiyi ndawapatsa. Chigamulo chomaliza: pulogalamu yachiwiri pa bizinesi ndi yachabechabe, pa zapakhomo ena apindula nayo. Shopu siitsekedwa. Ili ndi kasitomala mmodzi ndi khadi limodzi. Wina aliyense wofuna ukwati kuno mwezi uno, akwatire a Nachisale kapena awoloke msewu.